Musapupulume kuchotsa manifodi ya galimoto yanu

Amalonda anzanga a ku Nzama, inu amene mumanyamula kachewere ndi kabichi kupita ku Lizulu kapena pa boma la Ntcheu, makaniko akakuuzani kuti muchotse manifodi yachitsulo chokhuthala ija n'kuikapo mapaipi owotcherera otchedwa headers, kanani.

Mapaipiwo amathandiza injini ikamazungulira mothamanga kwambiri, pomwe Dyna kapena Hiace yodzaza matumba imakwera zitunda pang'onopang'ono. Pamsewu wamabampu sachedwa kung'aluka mowotchereramo, utsi n'kumalowa mokhala dalaivala. Galimoto ikagona ku galaja tsiku la msika, kabichi amafota, mtengo n'kugwa.

Manifodi yobwera ndi galimoto imapirira kutentha zaka zambiri, bola musaithire madzi ozizira ikadali yotentha. Ndalamazo guliranitu matayala ndi mabuleki.