Sayansi ya M'zitini Zitatu

Mwana akamalephera sayansi, ambiri amafulumira kunena kuti alibe nzeru, ndipo iye amayamba kujomba mpaka kusiya sukulu. Komatu kawirikawiri vuto limakhala kuloweza zinthu zimene sanazigwirepo ndi manja.

Kholo kapena mlangizi angathe kumupatsa zitini zitatu, chilichonse ndi nyemba 10. M'choyamba mukhale dothi louma, m'chachiwiri lonyowa, ndipo m'chachitatu nyembazo zimizidwe m'madzi. Mwanayo ayambe walosera, kenaka m'mawa uliwonse aziwerenga zimene zamera. Pakutha pa sabata adzaona yekha kuti mbewu imafuna chinyezi ndi mpweya womwe, pakuti yomira imangowola.

Akalosera molakwa asakalipiridwe, chifukwa mwana wamantha safunsa. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.