Paul Ngozi anachita kudzera ku America kuti timumve ku Lundazi

Madzulo ena chakumapeto kwa Okutobala 2024 tinali khale m'chipinda choulutsira mawu kuyembekeza magetsi, monga mmene zinalili chaka chonse chija. Mnyamata wina amene timathandizana naye pa wailesi anandipatsira foni yake nati, "Akulu, tamverani izi. Wa ku America waika Chinyanja m'nyimbo yake." Inali nyimbo ya Tyler, the Creator yotchedwa Noid. Gitala inali kulira mokalipa ngati makina ochekera matabwa, ndipo chapakati panamveka mawu a bambo akuimba m'chinenero chathu. Tinalipo anayi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti woimbayo ndani. Ine amene ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikusankhira anthu nyimbo, ndi setifiketi yanga ya ku koleji yopachika pakhoma, ndinangoti kukamwa yasa.

Titafufuza tinapeza kuti ndi Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family. Nyimboyo ndi Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts chimene chinatuluka mu 1977. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 n'kumwalira mu 1989. Tangoganizani, Nyirongo, dzina limene timaliwerenga tsiku ndi tsiku pa mauthenga a moni ndi a maliro kuno kwathu. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wa dzina lake, koma m'kompyuta ya pa wailesi yathu munalibe nyimbo yake ngakhale imodzi. Munali za ku Nigeria, za amapiano, za ku Tanzania ndi za ku Malawi zosawerengeka.

Ndikulemba izi chifukwa ndikuona kuti vuto lili ndi ife amene timagwira maikolofoni. Dziko lathu linali ndi nyimbo zakezake za rock, zabwino zoti n'kuima nazo paliponse, ndipo ife a mawailesi a m'madera tazisiya kuti zife kachiwiri.

Kwa amene simunamveko, nyimbozi masiku ano amazitcha Zamrock. Zinaphuka m'zaka za m'ma 1970, makamaka kumigodi ndi ku Lusaka. Anyamata amene anakula akumvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown, amene anafika ndithu ku Zambia mu 1970, anatenga magitala amagetsi n'kusakaniza ndi kaimbidwe ka kwawo. Kulira kokalipa kuja kumachokera ku kachipangizo kopondapo ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya mawu a gitala kuti amveke okhakhala. Chapakati pa zaka zimenezo a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Nthawiyo nyumba youlutsira mawu inali imodzi chabe, ya boma, choncho lamulolo linatsegula msika usiku umodzi. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yopanga malekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inatulutsa magulu ambiri. Mu 1975 mokha munatuluka Lazy Bones!! cha gulu la WITCH ndi Africa cha Amanaz, magulu onse awiri a ku Kitwe. Kunalinso Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, The Peace, Blackfoot ndi ena.

Mwa onsewa, wanga ndi Paul Ngozi. WITCH inali yaukatswiri, Amanaz inali yofatsa, ndipo nyimbo yawo Khala My Friend ikhoza kukugwetsa misozi usiku. Koma Paul anali kuimba ngati munthu amene wangotuluka kumene m'komboni ndi fumbi kumapazi. Zimbale zake, Day of Judgement cha 1976 ndi The Ghetto cha 1977, zimakamba za umphawi, mowa, makolo otaya ana, ndi moyo wa anthu wamba. Nyimbo imene wa ku America uja anatenga ikudzudzula munthu wa miseche amene sasunga ulemu pakhomo pa eni ake. Kodi si nkhani zomwezi zimene amafumu athu amaweruza sabata ndi sabata? Anthu amamukumbukira poimba gitala ndi mano, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi chakuti sanachite manyazi kuika Chinyanja cha m'tauni pamwamba pa gitala yolemera chotero. Ndipo kumbuyo kwake kunali Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, amene chimbale chake My Ancestors ambiri sitinachimvepo. Ameneyu ndiye woiwalika kuposa onse.

Nditatchula nkhaniyi pa msonkhano wathu wokonza mapulogalamu, mnzanga wina anati, "Zimenezo n'zotengera azungu. Ife kuno tili ndi vimbuza, tili ndi gule wamkulu, chimtali ndi ingoma. Tiziteteza zathu." Ndimalemekeza maganizo amenewo, ndipo magule athu sindingawasinthanitse ndi chilichonse. Koma tiyeni titsate mapazi a nyimboyi. Rock inabadwa kuchokera ku blues. Blues inayamba ndi zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa, m'minda ya thonje kum'mwera kwa America, makamaka ku Mississippi. Wina amatsogolera, ena amavomera, monga mmene amayi amachitira pamtondo. Muddy Waters anaitenga kupita nayo ku Chicago n'kuilumikiza ku magetsi. Anyamata a ku London anaimva, ndipo gulu la Rolling Stones linatenga dzina lake lomwe pa nyimbo ya Muddy Waters. Kenako mnyamata wa ku Kitwe, Emmanuel Chanda, anatengera kavinidwe ka Mick Jagger mpaka anzake anamutcha Jagari. Mwana wapita kutali, wabwerako atavala suti, ndiye timukane pakhomo? Amene munamverako Allan Namoko, wosaona uja wa ku Thyolo ndi banjo yake, mukudziwa kuti kulira kwa blues sikunali kwachilendo m'makutu mwathu.

Nanga zinatha bwanji? Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira malekodi ndi zingwe za gitala zinasowa. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika m'dziko muno mu 1978, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, ndipo magulu anasowa koimbira. Disco inalowa, kalindula inatenga malo, kenako Edzi inakolola oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mwa amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Anakhalapo mphunzitsi, pambuyo pake n'kukakumba miyala ya mtengo wapatali, ntchito imene ife a ku Lundazi tikuidziwa bwino kuwawa kwake.

Amene anafukula nyimbozi ndi akunja. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zonse zoyamba za WITCH mu 2012, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa magulu ambiri m'zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! Mu 2019 Gio Arlotta wa ku Italy anatulutsa filimu yonena za Jagari. WITCH inadzukanso, n'kutulutsa Zango mu 2023, ndipo Jagari, wa zaka zoposa 70, akudumpha pa masiteji a ku Ulaya ndi America. Chaka chomwecho Travis Scott anatenga chidutswa cha Amanaz m'nyimbo yake Sirens. Mwana wathu Sampa the Great naye analemekeza akuluakuluwa mu 2022 ndi nyimbo ya Never Forget. Ndikuthokoza onsewa. Koma zimandiwawa kuti wachinyamata wa ku Berlin amatchula zimbale za Ngozi Family pamtima, pamene wa ku Kanele sanamvepo n'dzina lomwe.

Sabata yotsatira ndinaba mphindi khumi m'pulogalamu yanga ya Loweruka n'kuika nyimbo ziwiri za Paul Ngozi. Isanathe yachiwiri, foni inalira. Anali achikulire ena a kumudzi cha ku Mwase, amene anagwirako ntchito kumigodi asanabwerere kwawo. Mawu awo anali kunjenjemera. "Mwanawe, nyimbo imeneyi waitenga kuti? Ndinavina imeneyi ndi amayi ako akulu tisanakwatirane." Anandiuza kuti ali ndi malekodi m'sutikesi, ndipite ndikaone. Ndinati, "Adada, ndibwera." Koma kunali mvula, kunali kupalira, kunali kusowa ya mafuta a njinga yamoto, ndipo ndinapita patatha miyezi inayi. Ndinapeza anagona kale kumanda. Amayi anatulutsa sutikesi ija. Munali malekodi atatu chabe. Imodzi inapindika ndi dzuwa, ina inali yosweka pakati, ndipo zikuto zake chiswe chinadya. Ena onse adzukulu anaseweretsa ngati mawilo a magalimoto a waya. Sindinawaimbe mlandu anawo. Palibe anawauzapo kuti chimene anali kugubuduza chinali chuma. Wolakwa ndinali ine, amene ndinachedwa, ndipo nkhani zonse za bambo aja, za maholo amene anavinamo ndi magulu amene anaona ndi maso, zinapita nawo.

Ena amati achinyamata safuna zakale, ndipo amalonda salipira pulogalamu imene achinyamata samvera. Ndikumva, wailesi ya m'dera imayenda ndi tindalama ta malonda ndi ta mauthenga. Koma kodi munthu angafune chimene sanamvepo? Mnyamata amene anandipatsa foni uja lero ali ndi 45,000 Volts chonse, ndipo amakangana nane za nyimbo yabwino koposa. Lamulo la a Kaunda linasonyeza chinthu chimodzi: khutu limakonda chimene limamva kawirikawiri. Lero sitikufunikira lamulo la boma. Wosankha nyimbo ndi ine, ndi inu anzanga a ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Chama.

Pempho langa ndi laling'ono. Wailesi iliyonse ya kuno kum'mawa ipatule ola limodzi pa sabata la nyimbo zimenezi. Tikaika nyimbo, titchule woimba, chimbale ndi chaka, osati kungoti "yakale koma yokoma". Tilembe zimene taulutsa kuti bungwe la ZAMCOPS, limene limasonkhanitsa ndalama za eni nyimbo, lidziwe kofikitsa kangachepe, pakuti oimbawa anasiya amasiye. Titenge foni tikajambule akuluakulu amene anabwerako kumigodi ndi ku Lusaka akadali ndi mpweya. Ndipo inu a pakhomo, mukapeza mbale zakuda zija m'sutikesi ya agogo, musazitaye, musaziike padzuwa, musazigoneke mopanikizana. Ziimikeni chilili pamalo ozizira ndi ouma. Wina akabwera ndi kandalama kochepa kuti agule zonse, yambani mwafunsa, chifukwa kunja malekodi oyambirira a magulu amenewa amafunidwa kwambiri.

Lekodi yachitatu ya m'sutikesi ija inali yamoyo. Amayi anandipatsa, amvekere, "Tenga mwanangu, eni ake akanakondwa." Ili pashelefu m'chipinda choulutsira mawu. Galamafoni yoiimbira tilibe, ndipo ndafunsa pa boma ponse sindinaipeze. Ngati muli nayo kwanu, ngakhale yakufa singano, tumizani uthenga ku wailesi. Ulendo uno sindidikira kuti mvula ithe.