Abale, MRI siiona zonse

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero ndakwiya. Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physics anandiuza kuti bambo ake, omwe asuta fodya zaka 30, akukana CT scan ya m'chifuwa imene adokotala anawalembera. Akuti akufuna MRI basi, poti ilibe radiation. Ndipo iye akuwavomereza! Kodi ndinkaphunzitsa makoma?

MRI imadalira hydrogen wa m'madzi a m'thupi. M'mapapo mwadzaza mpweya, madzi ndi ochepa, ndiye chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Komanso munthu akupuma, mtima ukugunda. Kachotupa ka mamilimita 4 kakhoza kuphonyeka. CT imajambula m'masekondi ochepa, mutangogwira mpweya kamodzi.

Mu 2011 kafukufuku wa NLST ku America, wa anthu oposa 53,000 osuta fodya, anapeza kuti CT ya radiation yochepa inachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 peresenti poyerekeza ndi X-ray. MRI ilibe umboni wotere.

Radiation si yoseweretsa, ndikuvomera. Koma khansa yopezeka mochedwa ndiyo imapha. Mwanawe, pita nawo bambo ako ku CT.