ZA KAVALIDWE KA ABAMBO: Chisanu Chapita, Tivalenji Tsopano?



Mwera wayamba kuleka, mango achita maluwa, ndipo amene amalawirira kunyanja aona kale kuti madzi sakulumanso monga ankachitira mu Juni. Ino ndi nyengo imene imasokoneza abambo ambiri pa kavalidwe. M'mamawa kumakhala kachisanu, koma pofika masana dzuwa limakhala likuswa mtengo. Tsono lero tikambirane za nsapato zoyendera tsiku ndi tsiku ndiponso chovala chapamwamba.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chatha ndidaperekeza mwana wa mlongo wanga mpaka pa chipata cha Mwanza. Mnyamatayu ankapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, monga achitira anyamata ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga. Mayi ake adagulitsa mbuzi ziwiri kuti amuveke. Iye adakagula chikhothi chakuda cholemera ngati bulangeti, ndi nsapato zosongoka kutsogolo, zonyezimira, zimene adayamba kuziponda tsiku la ulendo lomwelo.

Amene mudadutsapo pa Mwanza mukudziwa kuti aliyense amatsika m'basi ndi kuima pa mzere kudikira chidindo. Mzerewo usadafike ndi pakati pomwe, mnyamata uja adandinong'oneza kuti, "Amalume, nsapatozi zikundiluma." Titavula, tidapeza matuza awiri kuchidendene. Ulendo wonse udali ukadali kutsogolo: Zobue, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Ndidavula nkhwayira zanga ndi kumupatsa, ine n'kugula mapatapata pafupi ndi amayi ogulitsa manachesi. Nsapato za mbuzi ija ndidabwerera nazo m'jumbo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Choyamba tsono pa mndandanda wathu ndi nkhwayira zachikopa. M'nyengo yotentha phazi limafuna mpweya, ndipo kwa ife amene timavula nsapato kasanu pa tsiku pochita wudhu ndi polowa mumzikiti, palibe choposa nkhwayira. Sankhani za lamba wakumbuyo, chifukwa sizivuka pokwera njinga kapena pothamangira minibasi. Onetsetsani kuti n'zosoka, osati zongomata ndi guluu, pakuti mchenga wotentha wa mu Okutobala umamatula guluu msanga. Nkhwayira za matayala zimene amisiri athu amadula pamsika musazinyoze. Pa ntchito za padoko ndi kumunda zimatha zaka.

Chachiwiri ndi nsapato zakanivasi. Izi ndiye za paulendo: n'zopepuka, zimachapika, ndipo phazi likatupa chifukwa chokhalitsa m'basi, nsalu imalolera. Mtundu woyera umakongola tsiku loyamba lokha, fumbi la chilimwe likangoutera basi. Wotuwa, wakhofi kapena wabuluu wodera ndiwo umapirira. Muzivala ndi sokosi zathonje, ndipo mukachapa muziumike pamthunzi, zisaone moto.

Mapatapata akhale a kubafa, a pakhonde ndi a kugombe. Bambo wa banja asapite nawo ku ukwati, ku msonkhano wa makolo kusukulu kapena kukapempha ntchito.

Ambiri a ife timagula pa kaunjika, amene adafalikira m'misika yathu kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Koma pali malangizo anayi. Pitani kukayesa madzulo, chifukwa phazi limakula pang'ono munthu akayenda tsiku lonse. Yesani zonse ziwiri, muyende nazo, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chimodzi cha m'manja. Pindani nsapatoyo pakati: ngati pansi pake paoneka ming'alu, isiyeni, chifukwa mphira yokhalitsa imafumbutuka ngakhale pamwamba pakuoneka patsopano. Dziwaninso manambala: 7 wa ku Britain ali pafupi ndi 41 wa ku Ulaya, 8 ndi 42, 9 ndi 43.

Pali chinanso chimene ogulitsa ambiri sachidziwa. Nsapato zina zachikopa zochokera kunja amaziyala m'kati ndi chikopa cha nkhumba, chifukwa n'chofewa ndiponso chotsika mtengo. Kuchizindikira n'kosavuta. Yang'anani m'kati pamalo owala: chikopa cha nkhumba chili ndi timabowo tooneka bwino, tokhala titatutitatu pamodzi. Mukationa, bwezani nsapatoyo pa mulu ndi kusankha ina.

Tibwere ku chovala chapamwamba. Cholakwa cha mnyamata uja chidali kudalira chinthu chimodzi cholemera. Njira ya ku Mwanza imadutsa nyengo ziwiri pa ulendo umodzi. Ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Johannesburg ali pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero ngakhale mu Sepitembala, pamene eni ake amati chisanu chatha, m'bandakucha kumazizirabe kwa munthu wokulira ku Malindi kapena ku Makanjira. Nzeru ndi kuvala mosanjikiza: malaya athonje, juzi yopyapyala, ndi jekete yopepuka yazipi. Kukatentha muvula chimodzichimodzi, kukazizira mubwezera.

Jekete yoteroyo ndi yothandizanso kuno kwathu. Imatchinga mphepo kwa wa kabaza wolawirira ndi kwa msodzi wobwerera m'mamawa, ndipo ikakhala ya nsalu yosalowa madzi idzakutumikirani mvula zoyamba za mu Novembala. Ikhale ndi thumba lam'kati lotseka, losungiramo chiphaso ndi ndalama. Pogula, kokani zipi katatu, yang'anani m'khwapa ngati ulusi sudamasuke, ndipo kwezani manja m'mwamba kuti muone ngati sikukugwirani pamapewa. Ovala mkanjo tsiku Lachisanu asankhe jekete ya mtundu umodzi, yopanda zithunzi ndi malemba akuluakulu. Malemba ena a zinenero zakunja amanena zinthu zimene simungazitchule pamaso pa apongozi, choncho funsani wodziwa kuwerenga musanalipire.

Nanga chikhothi cholemera? Ngati muli nacho, chichapeni, chiume bwino, muchisunge. Ngati mulibe ndipo mudzachifuna chaka chamawa, ino ndiyo nthawi yonenerera, pakuti kukatentha ogula amachepa ndipo wogulitsa safuna kusenza katundu wosayenda.

Mawu otsiriza apite kwa abambo anzanga. Miyezi ino ndi yomweyo imene ana amatsegulira sukulu ndiponso imene timasaka mbewu ndi feteleza. Nkhwayira imodzi yolimba, kanivasi imodzi ndi jekete imodzi n'zokwanira kukufikitsani ku dzinja. Nsapato zosongoka zija zikadali pansi pa bedi kwa mlongo wanga, zikudikira mwini wake, koma mbuzi zija sizidabwerere m'khola.

Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah, pamene tidzakambe za zovala za ana m'nyengo ya mvula.