Mbiri yathu ikupita pa sikelo

Masiku ano si zachilendo kuona anyamata akuzungulira m'matauni ndi m'midzi atanyamula sikelo, kugula zitsulo zakale. Simbi za makala, mabokosi achitsulo ndi njinga zakutha zikugulidwa pa mtengo wa pakilo. Ndalamayo imathera pa mchere ndi sopo, koma katundu amene watuluka pakhomopo sadzabwereranso.

Vuto ndi loti katundu yemweyu ndi amene akadathandiza ana athu kumvetsa mbiri ya dziko lino. Ana ambiri amaona phunziroli ngati ntchito yoloweza zaka basi, chifukwa alibe choti achigwire ndi manja.

Tiyerekeze ndi khobidi lobowola pakati limene agogo ena adasunga. Lambiri mwa makobidiwa ndi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Mwana akaligwira adzafunsa yekha chifukwa chake dzina la Malawi palibe, komanso kuti kwacha ndi tambala zidabwera liti. Yankho loti mu 1971 sadzaliiwala.

Bokosi lachitsulo limene agogo aamuna adabwera nalo kuchokera ku Joni nalonso lili ndi nkhani: ya amuna amene ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ya amayi otsala ndi ana, komanso ya ngozi ya ndege ya mu 1974 ku Francistown, m'dziko la Botswana, imene idapha Amalawi oposa 70 ndi kuchititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa maulendowo. Nalo khadi la chipani, limene anthu ankafunsidwa pamsika ndi pokwera basi, lingafotokozere mwana chifukwa chake referendamu ya pa 14 June 1993 idali nkhani yaikulu.

N'zoona kuti dziko lino lili ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri ku Blantyre, ya ku Karonga imene idatsegulidwa mu 2004, ndi ya Chamare ku Mua. Koma ndi mabanja angati a ku Jenda, Nsalu kapena Muloza amene angakwanitse thiransipoti yopititsa ana kumeneko?

Komabe katundu payekha salankhula. Wodziwa nkhani yake akamwalira, mtondo umangosanduka nkhuni. N'chifukwa chake makolo akuyenera kukhazika ana pansi agogo akadali moyo, n'kulemba m'kope mwini wa chinthucho, kumene chidachokera ndi ntchito yake. Aphunzitsi nawo angathe kupempha ana kubwereka zinthu zotere tsiku limodzi, kenaka n'kuyerekeza zimene agogo anena ndi zimene zili m'mabuku, poti nthawi zina munthu amaiwala kapena kukometsera mbali yake.

Wogula zitsulo akadzafikanso pakhomo panu, yambani mwafunsa agogo musadakweze simbiyo pa sikelo.