Chithunzi chimene kompyuta inakana

Pa tchuthi chapitachi tinali ndi chinkhoswe cha achemwali anga kwathu ku Chiosya, ku Mchinji. Mnyamata amene tinamulemba ganyu anajambula zithunzi zoposa 900, koma pasanathe masiku atatu anali atatitumizira kale 120 zosankhika. Nditamufunsa kuti wasankha bwanji msanga chonchi, anaseka n'kutsegula laputopu. Sasankhanso yekha. Ali ndi pulogalamu imene imaunika zithunzi zonse n'kupatula zimene yati n'zabwino.

Sindimuimba mlandu. Ndalama amapatsidwa zochepa, magetsi n'ngosadalirika, ndipo palibe amene amakonda kuchezera usiku akufananiza zithunzi khumi za munthu mmodzi. Vuto langa lili pa mawu akuti "zabwino".

Mapulogalamu otere amayang'ana zinthu zowerengeka: chithunzi chaoneka bwinobwino kapena chagwedezeka, nkhope ikuoneka, maso ali otsegula, munthu akumwetulira. Zofanana zikachuluka amatengapo chimodzi.

Tsono taganizirani chinkhoswe. Mkazi amatuluka atafunditsidwa chitenje, nkhope osaoneka. Akamuvundukula amazyolika, saseka. Pogwadira apongozi sawayang'ana m'maso. Ife timati waleredwa bwino, pulogalamu imati watsinzina. Pamene ankhoswe ankapatsana tambala ndi msoti, nkhukuzo zinkaphupha, ndiye zithunzi zonse za mphindi imeneyo, imene ndi mutu wa mwambo wonse, zinakanidwa. Zimene zinapambana ndi za ife a ku yunivesite, mano mbee, zala ziwiri m'mwamba. Mlendo ataona zithunzi 120 zija akhoza kuyesa kuti chinkhoswe chinali chathu.

Agogo sanapezekemo n'kamodzi komwe. Iwo akaona kamera amatembenuka.

Mu 2018, Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani atatu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu ankalakwitsa mosafika pa 1 mwa 100 aliwonse, koma pa akazi akuda kwambiri kulakwitsa kunafika pa 34 mwa 100. Yathuyi si ya khungu kwenikweni, koma muzu wake ndi womwewo: pulogalamu imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa poiphunzitsa. Ngati inaphunzira pa maukwati amene mkwatibwi amayang'anitsitsa kamera, ulemu wa ku Chiosya idzauona ngati cholakwika. Nanga Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ingamupatse malikisi angati? Fumbi lili koboo, wovina saima, nkhope ya munthu palibe.

Mnzanga wina wa zamakompyuta akuti ndikukokomeza, poti ena mwa mapulogalamuwa amatha kuphunzira zokonda za mwini wake. N'zoona. Koma kuti aphunzire, wojambulayo ayenera kuyamba wasankha yekha kwa nthawi, ndipo ntchito imeneyi ndi imene akuithawa. Komanso kwathu kuno chokanidwa sichisungidwa. Memori khadi ndi imodzi, Loweruka likubwerali kuli ukwati wina, zotsala zimafufutidwa.

N'chifukwa chake ndikuti inu amene mwayamba bizinesi yojambula, poti ntchito zikusowazi, igwiritseni ntchito pulogalamuyo, koma musafufute kanthu eni mwambo asanaone mulu wokanidwawo. Ife olemba ganyu tizinena zimenezi pokambirana mtengo, osati mwambo utatha.

Ine ndinachita mwayi. Ndinamupeza Lachinayi asanafufute, ndipo tinakhala pakhonde maola awiri tikudutsa m'zokanidwa. Agogo tinawapeza m'chithunzi chimodzi chokha: dzanja pakamwa akuimba nthungululu, maso atatseka, mpango utapendekeka, theka la thupi litabisika m'fumbi. Ndinakachitsukitsa ku boma. Amayi atachiona anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Apa mpamene ankavundukula mkulu wako." Anachipachika pabalaza, pamwamba pa kalendala ya ku tchalitchi.