Ameneyo Si Chinkhwe

Chaka chatha kwathu ku Wenya kunali mpikisano wa makwaya ndi timagulu toimba ta achinyamata. Mwa oweruza atatu, mmodzi anali mlendo wochokera kutauni, bambo wa tayi ndi chikwama chodzaza mapepala a nyimbo. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2, ndiye ankaimba besi m'gulu la mpingo wathu. Atamaliza, bwalo lonse linaomba m'manja, amayi nthungululu osalekeza. Mlendo uja anamuitana, namupatsa pepala la mizere isanu yokhala ndi timadontho takuda, nati, "Tandiimbira izi, mwana iwe." Mnyamatayo anangoti maso tong'o papepalapo. Apo bamboyo anatembenukira kwa anthu ndi kunena kuti munthu woimba zongomva pa wailesi si woimba ayi, ndi chinkhwe, chobwereza mawu chisakudziwa tanthauzo lake.

Tsikulo ndinakhala chete, pakuti kwathu mlendo sitimubweza mawu pagulu. Koma mawuwo akhala akundidya mumtima, ndipo ndiyenera kuwayankha, chifukwa ngati mnyamata uja ndi chinkhwe, chinkhwe chachikulu ndine amene ndinamuonetsa njira.

Ine besi ndinaiphunzira m'chaka cha 2001. Amalume anga atabwerako ku Zimbabwe anabwera ndi kaseti ya Alick Macheso yotchedwa Simbaradzo, imene inatuluka mu 2000. M'kasetimo munali nyimbo ya "Mundikumbuke", yoimbidwa m'Chichewa, pakuti Macheso, amene anabadwira kumafamu a ku Shamva mu 1968, ndi mwana wa munthu wochokera kuno ku Malawi. Ife a ku Wenya kunyumba timayankhula Chitumbuka, Chichewa tinkakumana nacho kusukulu ndi pa wailesi, choncho si mawu amene anandigwira. Chinandigwira ndi chinthu chija chinkagunda pansi pa nyimboyo, chothamanga ngati mbuzi yothawa chingwe. Amalume atandiuza kuti woimbayo ndi yemwenso akuliza besiyo nthawi imodzimodzi, ndinawayesa abodza.

Tsono tamverani, inu amene mumati kuphunzira ndi khutu n'kongotola. Kawailesi ka kaseti ka amalume kanali ndi sipika yaing'ono ngati chivundikiro cha kapu, ndipo sipika yotere mawu a pansi siiwatulutsa bwino. Besi unkangoimva ngati munthu akuyankhula kuseri kwa khoma. Ndinayamba kukalowetsa kawailesiko m'ndowa yopanda madzi kuti mawu akule, nthawi zina n'kukagunditsa kuchibwano kuti chimene khutu lalephera mafupa amve. Mabatire anali odula, ndiye pobweza tepi m'mbuyo sindinkadina batani ayi, ndinkaitulutsa n'kuizunguza ndi cholembera cha Bic. Ndinkatenga kachidutswa kakafupi, kotalika ngati mpweya umodzi, n'kukamvera kasanu kapena kakhumi, kenaka n'kuzimitsa wailesi ndi kukang'ung'udza pakamwa. Lamulo limene ndinadzipezera ndekha linali lakuti chimene pakamwa sipanathe kuimba, chala sichingachipeze pansambo. Ndikakakhoza pakamwa m'pamene ndinkanyamula gitala yanga ya chigubu, ya nsambo za waya wa buleki ya njinga, n'kuyamba kusaka liwu loyamba. Ndikalipeza, lachiwiri ndinkadzifunsa: lakwera kodi, kapena latsika? Lapita patali bwanji? Ndikalakwa khutu linkandiuza lokha, popanda mphunzitsi wa choko chofiira.

Patatha masabata atatu ndinkatha kuyenda nayo nyimbo ija mpaka pakati. Kenaka amalume anagula mabatire atsopano, ndipo zonse zinasokonekera. Chimene ndinkaimba ine ndi chimene chinkatuluka m'wailesi zinkakangana ngati akazi a pamitala. Ndinatsala pang'ono kulira. Chinachitika n'chakuti mabatire akafooka tepi imayenda pang'onopang'ono ndipo mawu onse amatsika, ndiye ine ndinali nditaphunzira nyimbo yonse motsika. Madzulo a tsiku lomwelo ndinasuntha dzanja pang'ono kukwera nalo pakhosi pa gitala, osasintha kayendedwe ka zala, ndipo zonse zinagwirizananso. Pamenepo ndinazindikira kuti nyimbo ili m'mipata ya pakati pa mawu, ndipo ungathe kuinyamula yonse n'kukaitula pamwamba kapena pansi. Patapita zaka ndinamva kuti ophunzira nyimbo m'makoleji ali ndi dzina la Chingerezi la zimenezi ndipo amalembera mayeso. Ine zinandiphunzitsa ndi mabatire akutha.

Ndifunse tsono: chinkhwe chimachita zimenezi? Chinkhwe chimalekanitsa besi ndi ng'oma, ng'oma ndi gitala? Chimayesa, n'kulakwa, n'kudzikonza? Mungachiuze kuti woimba wathu lero mawu ali osasa, titsitse nyimbo, icho n'kutsitsa? Mwana wa mlongo wanga amachita zimenezi Lamulungu lililonse, pamene mayi wotsogolera kwaya wayambira nyimbo pamene pamukomera iye. Pepala likanamuthandiza chiyani pamenepo?

Ndipo pali zina zimene pepala silinyamula. Lingakuuzeni liwu ndi kutalika kwake, koma silikuuzani kulemera kwa chala, kapena kamphindi kamene woimba besi amatsamira kutsogolo kwa ng'oma kuti anthu anyamuke pamipando. Palinso timawu takufa, pamene chala chimangokhudza nsambo osaidina, n'kumveka ngati kugogoda. Tichotseni timeneti mu sungura kapena mu kalindula wa anansi athu a ku Zambia, mutsala ndi ndiwo zopanda mchere.

Bambo wa tayi uja akadayang'ana m'mbuyo akadaona kuti akunyoza makolo a nyimbo za dziko lino. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kwela anaiphunzira ndi makutu, ndipo mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna, atawamva akuimba ku Blantyre, ndiye amene anakhala pansi kuti aphunzire kwa iwo. Pambuyo pake anadzaimba nawo m'gulu la Donald. Madalitso Band, anyamata awiri a gitala ndi babatoni, besi ya nsambo imodzi yopanga okha, anachoka m'misewu ya Lilongwe n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka ku Ulaya. Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene besi yake inadabwitsa dziko mu chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, anakulira m'magulu oimba a m'makomboni. Paul McCartney, woimba besi wa The Beatles, wanena yekha kambirimbiri kuti timadontho tija satha kutiwerenga. Onsewa tiwatsekere m'khola limodzi la zinkhwe?

Ndisanamizire kuti kulemba nyimbo n'kopanda ntchito. Ine ndinakulira mu mpingo wa do-re-mi, ndipo ndikudziwa kuti solfa amene anabwera ndi amishoni a Livingstonia wasunga nyimbo zambiri zimene zikanatayika. Koma tsegulani buku la Sumu za Ukhristu muone kuti nyimbo zingati zinapekedwa ndi anthu akuno, monga Mawelera Tembo, pa mayimbidwe a Chingoni amene ankamveka m'midzi kalekale. Nyimbozo zinayamba zakhala m'kamwa ndi m'makutu, pepala linabwera pambuyo kudzazisunga. Nkhokwe ndi yabwino, koma chimanga sichimera m'nkhokwe. Mwana amene khutu lake latseguka mungamuphunzitse kuwerenga manotsi m'miyezi yochepa. Amene anayamba ndi pepala khutu lili chitsekere, ndawaonapo, mphepo ikaulutsa pepalalo nyimbo imathera pomwepo.

Ena amati kutengera nyimbo ya mwini ndi kuba. Kuba n'kuijambula ndi kuigulitsa ngati yako, ndipo za zimenezo kuli bungwe la COSOMA kuyambira 1992. Mwana wobwereza besi ya Macheso kuseri kwa nyumba sakuba kanthu, monganso mwana wophunzira kuyankhula sakuba mawu a mayi ake. Cholakwa chimene ndivomereze n'chakuti alipo ena amene amakalamba akuimba za eni okhaokha osapeka yawo. Koma ulesi umenewo uliponso pakati pa owerenga mapepala.

Ngati oweruza athu akufuna mdani, ndiwalozera. Masiku ano mwana akafuna nyimbo amatsegula YouTube pa foni n'kuonera zala za munthu wina zikumuuza kuti dina apa, dina apo. Ndinapezapo mnyamata akuphunzira besi chotero atatsitsiratu mawu a foni kuti asasokoneze anzake. Kuphunzira nyimbo wosaimva! Ameneyo ndiye akanayenera kudzudzulidwa. Mwana wa mlongo wanga ndinamuletsa zimenezi kuyambira tsiku loyamba; foni ndinkaivundikira pamphasa kuti amve kokha.

Gulu la mpingo wathu linakhala lachitatu pampikisano uja, ndipo palibe amene anadandaula nazo. Chimene chikundiwawa n'china. Besi ya mpingo, imene timailumikiza ku batire la galimoto, yakhala itatsamira pakona m'kachipinda ka kuvesitili kuyambira tsiku limenelo. Ndinamufunsa mnyamatayo mwezi watha kuti bwanji sakuigwiranso. Anayang'ana pansi nati, "Amalume, ndikudikira ndipeze kaye buku la manotsi." Buku limenelo m'sitolo za pa Wenya mulibe, ndipo kwaya yathu tsopano ikuimba yopanda besi.